Baseball, chingwe ndi pensulo

Mukatchula dzina lakuti Chiparamba pakati pa anyamata okonda bola mu Lusaka, ambiri saganiza za minda ya chimanga, nshawa ndi thonje ya ku Kasenengwa, kufupi ndi Chipata. Amaganiza za Chiparamba Great Eagles, akademi ya ana imene malemu a Rupiah Banda anali mmodzi wa oiyambitsa, imene inanyamula dzina la kwathu n'kukalimveketsa ku Ulaya. Ana ake ankapita ku Gothia Cup, mpikisano waukulu wa achinyamata umene umachitikira ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, kuyambira 1975. Boyd Mwila ndi Edwin Phiri anakasewera ku Örgryte IS, timu ya mumzinda womwewo. Clifford Mulenga anasankhidwa ndi CAF kukhala wosewera wachinyamata wopambana mu Africa mu 2007, ndipo iye pamodzi ndi Davies Nkausu anali m'gulu la Chipolopolo limene linabwera ndi chikho kuchokera ku Libreville mu 2012.

Mayina amenewa timawanyadira, ndipo m'pake. Koma akademi iliyonse padziko lapansi imatulutsa otchuka owerengeka chabe. Ena onse amabwerera kukomboni kapena kumudzi ali ndi zaka 19, bondo likuwawa, ndipo tsogolo lawo limadalira zimene anatola m'kalasi pa zaka zimene anali kuthamangitsa mpira. A Banda enieniwo anafika ku Sweden kale kwambiri ana aja asanabadwe, ndipo sanapiteko ndi nsapato za bola. Anadzera ku Munali, n'kukaphunzira pa yunivesite ya Lund. Choncho funso lakuti bwalo ndi kalasi zimakhalirana bwanji si lachilendo pa dzina la Chiparamba.

Kuti tiliyankhe bwino, tiyeni tibwereke mbiri ya masewera amene ambiri a ife timangowaona m'mafilimu: baseball. Tawasankha dala. Palibe masewera ena amene mbiri yawo yalowerana ndi sukulu ngati amenewa. M'maiko angapo anafika atanyamulidwa ndi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu, ndipo malo amene anathandiza ana ndi malo amene anawawononga amaoneka poyera.

Kaseweredwe kake n'kotere. Timu iliyonse ili ndi anthu 9. Woponya amaponya kampira kolimba, womenya amayesa kukamenya ndi ndodo, ndipo akamenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi zotchedwa ma base. Akabwerera pamene anayambira, timu yake yapeza run imodzi. Anthu atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana. Amene munasewerako rounders ku pulayimale mwazindikira kale kuti awa ndi pachibale. Anthu a ku America anakana chibale chimenechi kwa nthawi yaitali. Komiti ina inalengeza cha mu 1907 kuti baseball anaiyambitsa msilikali wawo, Abner Doubleday, ku Cooperstown mu 1839. Umboni wake unali kalata ya nkhalamba imodzi. Komatu dzina la masewerawa linali litasindikizidwa kale m'kabuku ka ana ku London mu 1744. Mphunzitsi wa mbiri yakale amene akufuna kuonetsa ana kusiyana kwa umboni ndi nthano imene mtundu umadzikamba wokha sangasowe poyambira.

Munthu amene anatsutsa nthano ya Doubleday ndi yemweyo amene anapatsa baseball pensulo. Henry Chadwick anabadwira ku Exeter, ku England, mu 1824, ndipo anasamukira ku Brooklyn ali mnyamata. Anali mtolankhani wa cricket, masewera amene kalembera amakhala pambali ndi buku. Ataona baseball mu 1856, anaona kuti anthu akusangalala koma palibe akulemba moyenera. Mu 1859 anasindikiza m'nyuzipepala ya New York Clipper kabokosi ka mizere ndi manambala koonetsa zimene wosewera aliyense anachita. Anakonzanso zizindikiro zachidule kuti dzanja lizitha kutsatira liwiro la masewera. Chilembo K, chimene mpaka lero chimatanthauza kuti womenya watulutsidwa osakhudza mpira moyenera, ndi chake.

Kabokosi kameneka kanasintha zinthu kuposa mmene kamaonekera. Pa bola, tikamatsutsana kuti wasewera bwino ndani, wopambana amakhala wa mawu okwera. Pa baseball chochitika chilichonse chili ndi poyambira ndi pothera: kuponya kumodzi, kumenya kumodzi, kenako kupuma. Kupumako ndi kumene kumalola munthu kulemba. Ndipo zikalembedwa, zimafuna kugawidwa. Womenya amene wamenya bwino katatu pa maulendo 10 amalembedwa .300, ndipo ameneyo ndi katswiri. Mwana wa ku America, Cuba kapena Japan amadziwa kuti .275 ndi yochepa kuposa .300 asanaphunzire madesimo m'kalasi, chifukwa nambalayo ili ndi dzina la munthu amene amamukonda. Ifeyo madesimo tinakumana nawo koyamba pa bolodi, opanda nkhope, ndipo ambiri tinangowaloweza kuti mayeso adutse.

Nkhani ya Ted Williams ndi phunziro la masamu lathunthu. Pa 28 September 1941, tsiku lomaliza la ligi, wosewera wa Boston Red Sox ameneyu anali atamenya bwino ka 179 pa maulendo 448. Tengani foni mugawe: mupeza 0.39955. Poifupikitsa kufika pa manambala atatu imakhala .400, malire amene omenya ochepa kwambiri anafikapo. Akanakhala pa benchi, mabuku akanamulemba .400. Iye anasewera magemu onse awiri a tsikulo ku Philadelphia, namenya bwino ka 6 pa maulendo 8. Gawaninso 185 ndi 456: .406. Kuyambira chaka chimenecho palibe wafikapo .400 mu American League kapena National League. Mwana amene wamva nkhaniyi sadzafunsanso kuti kufupikitsa nambala kuli ndi nchito yanji. Adzafunsa funso labwino kuposa pamenepo: kodi 0.39955 ndi 0.400 n'zofanana, kapena timangogwirizana kuzitcha zofanana?

Manambala a Chadwick anadzafika pobala nchito. Bill James, amene ankagwira nchito ya ulonda wa usiku pa fakitale ya nyemba za m'chitini ku Kansas, anayamba mu 1977 kusindikiza timabuku tofunsa ngati zimene makochi amakhulupirira zimagwirizana ndi zolembedwa. Nthawi zambiri sizinkagwirizana. Timu ya Oakland Athletics, imene inalibe ndalama zopikisana ndi matimu olemera, inasewenzetsa maganizo amenewa mu 2002 pogula osewera otsika mtengo amene manambala ankawayamikira, ndipo inapambana magemu 20 motsatizana. Amene munaona filimu ya Moneyball, ya Brad Pitt, ndi nkhani yomweyo. Lero matimu aakulu a bola ku England nawonso ali ndi maofesi a anthu owerengera. Pakati pa mnyamata amene amasewera ndi mtsikana amene amalemba pambali pa bwalo, si zachidziwikire kuti adzadya za masewerawo ndani.

Tsopano bwalo lenilenilo. Ili ndi gawo limene ife a kumidzi tingalikonde, chifukwa limafuna chingwe, zikhomo ndi mutu basi. Ma base anayi amapanga sikweya, mbali iliyonse mamita 27.43. Malo a m'kati mwake ndi pafupifupi masikweya mita 752, osakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo atatu a lima. Vuto ndi lakuti ukangoyeza mbali zinayi zofanana, sikweya ikhoza kupendekeka n'kukhala ngati kaiti. Kuti ikhale yoongoka, mtunda wodutsa pakati, kuchoka pamene womenya amaima kufika pa base yachiwiri, uyenera kukhala mamita 38.8. Nambala imeneyi sichokera kumwamba. Ndi Pythagoras yemwe uja amene anativutitsa: 27.43 kuchulukitsa ndi 27.43, kuwirikiza kawiri, kenako kupeza muzu wake. Amisiri omanga nyumba ku Kapata ndi ku Mchini amachita zomwezi tsiku lililonse akamayeza maziko ndi 3, 4, 5, ngakhale ena sanamvepo dzina la Mgiriki ameneyu. Pa bwalo la ana aang'ono mbali zimakhala mamita 18.29, ndiye kalasi ikhoza kudzipezera yokha mtunda wa pakati, n'kupita panja kukaona ngati chingwe chikuvomereza. Chikakana, wina walakwitsa, ndipo palibe chifukwa chodikira mphunzitsi kuti achonge.

Sayansi ili pa mamita 18.44 amene ali pakati pa woponya ndi womenya. Mpira woponyedwa pa liwiro la makilomita 145 pa ola umayenda mamita 40 pa sekondi, ndiye umafika theka la sekondi lisanakwane. Ndipo umakhota. Kwa zaka zambiri anthu ena ophunzira ankati kukhotako ndi maso chabe amene akunamizidwa. Mu 1959 Lyman Briggs, wasayansi wopuma pa nchito wa zaka zopitirira 80, anayeza ndi makina ouzira mphepo, mothandizidwa ndi oponya a timu ya Washington Senators, napeza kuti mpira wozungulira bwino ungapatuke pafupifupi masentimita 44. Chifukwa chake anali atachifotokoza kale Gustav Magnus wa ku Germany m'zaka za m'ma 1850: chinthu chozungulira chimakankhira mpweya mbali imodzi, ndipo mpweya umachibwezera mbali inayo. Free kick yokhota imene imazungulira khoma n'kulowa pakona imamvera lamulo lomweli.

Dziko limene linamangirira baseball ku sukulu mwamphamvu kuposa onse ndi Japan. Anaibweretsa ndi mphunzitsi, Horace Wilson, wa ku America, amene mu 1872 ankaphunzitsa pa sukulu ya ku Tokyo imene pambuyo pake inakhala mbali ya University of Tokyo. Anaona kuti ana ake akufooka ndi kukhala pa desiki, nawatulutsa panja ndi mpira. Mu 1896 anyamata a sukulu ya Ichiko anagonjetsa kalabu ya azungu a ku Yokohama 29 kwa 4, ndipo dziko lonse linamva. Mpikisano wa masukulu a sekondale unayamba mu 1915, ndipo kuyambira 1924 umachitikira pa bwalo la Koshien, kufupi ndi Osaka. Mpaka lero mwezi wa August anthu a ku Japan amaonera ana a sukulu pa TV monga mmene ife timaonera Chipolopolo. Ogonja amatola dothi la pabwalopo n'kupita nalo kwawo.

Chimene chimatikhudza kwambiri pa nkhani ya Japan ndi chilankhulo. Sanameze mawu a Chingelezi onse amphumphu. Mu 1894 Chuman Kanoe, amene anasewerapo pa Ichiko, anawapatsa masewerawa dzina la Chijapani lakuti yakyu, kutanthauza mpira wa pabwalo, ndipo mlakatuli Masaoka Shiki anamasulira mawu ngati womenya ndi wothamanga, amene akugwirabe nchito. Ife timaphunzira Chinyanja ngati phunziro la miyambi ndi zilapi, la zinthu za makolo, ngati kuti chilankhulo chathu chinaleka kubala. Kalasi imene yapatsidwa nchito yopezera mayina malo 9 a osewera, n'kukangana kuti liti likumveka bwino, yaphunzira Chinyanja chamoyo.

Koma Japan yomweyo ikutichenjeza. Mu 1998 Daisuke Matsuzaka, ali ndi zaka 17, anaponya ka 250 pa gemu imodzi ya ku Koshien, ndipo anthu anamuombera m'manja ngati ngwazi. Ana ambiri osatchuka anaononga zigongono potengera chitsanzo chotere. Panapita zaka zoposa 20 kuti akuluakulu aike malire, mu 2020, akuti mwana asaponye kupitirira ka 500 pa mlungu. Bungwe la Little League, limene Carl Stotz anayambitsa ku Williamsport mu 1939, linaika malire ake mu 2007: mwana wa zaka 11 kapena 12 asapitirire ka 85 pa tsiku, ndipo akaponya kwambiri apume masiku angapo. Mafupa a mwana amakhala asanakhwime kumapeto kwake, ndipo ndi pomwepo pamene pamavulala. Apanso woteteza mkono wa woponya si kochi wofuna chikho. Ndi uja wakhala pansi pa mtengo akuwerenga.

Pa mbiri ya tsankho sitichedwapo, chifukwa dzina la Jackie Robinson ambiri munalimva. Pa 15 April 1947 anasewerera Brooklyn Dodgers, n'kuthyola lamulo losalembedwa limene linatsekera anthu akuda kunja kwa zaka pafupifupi 60. Panthawi imeneyo agogo athu ku Northern Rhodesia ankagula nyama kudzera pa kawindo ka kumbali, ndipo mu 1954 African National Congress ya a Harry Nkumbula inatsogolera kunyanyala mabutchala mu Lusaka. Chimene ambiri sanamve ndi chimene chinachitika mu May 2024. Akuluakulu a Major League Baseball anaphatikiza manambala a maligi a anthu akuda m'mabuku awo, ndipo Josh Gibson, amene anamwalira mu January 1947 asanaloledwe kusewera ndi azungu, anakwera pamwamba pa onse ndi .372, kupitirira Ty Cobb. Zinatheka chifukwa atolankhani a manyuzipepala a anthu akuda ankasindikiza timabokosi ta Chadwick, ndipo ofufuza anatha zaka akutitolera kamodzikamodzi. Magemu amene sanalembedwe sanawerengedwe. Tikaganiza za magemu a m'maligi athu a m'maboma, a ku Katete, Lundazi ndi Chadiza, amene amathera pakamwa pa amene analipo, nkhaniyi imaluma.

Kumene baseball inasiyana ndi sukulu ndi ku Dominican Republic. Ku zilumba za Caribbean inafikanso ndi mwana wa sukulu, Nemesio Guilló, amene anabwerera ku Cuba mu 1864 kuchokera ku koleji ya ku Alabama atanyamula ndodo ndi mpira. Anthu a ku Cuba anaiwolotsera ku Dominican Republic, kumene inamera m'matauni a nzimbe ngati San Pedro de Macorís. Ana a kumeneko amaphunzira kumenya ndi mpini wa tsache ndi zitsekerero za zigubu za madzi, ndipo dzikolo, la anthu ochepa kuposa Zambia, latumiza osewera mazanamazana ku America. Matimu onse 30 a Major League ali ndi ma akademi kumeneko, ndipo amaloledwa kusainitsa mnyamata akakwanitsa zaka 16. Zotsatira zake n'zakuti anyamata ambiri amasiya sukulu ali ndi zaka 12 kapena 13, n'kudzipereka kwa ophunzitsa apadera amene amadzadya gawo la ndalama za kontrakiti. Ochepa amalemera. Ochuluka amabwezedwa asanafike zaka 21, alibe satifiketi iliyonse. Masewera ndi omwewo, madesimo ndi omwewo, Pythagoras ali pabwalo pomwepo, koma palibe amene ali ndi chifukwa chowaonetsa mwanayo. Masewera paokha saphunzitsa masamu. Amangoika masamu pafupi, ndipo pamafunika munthu wamkulu amene wasankha kuwaloza.

Mu Africa muno baseball inafika ndi anthu a ku America amene anabwera kudzakumba golide ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1890, ku migodi yomweyo imene pambuyo pake inameza amuna ambiri a kuno Kum'mawa. South Africa inakasewera pa Olympics ya ku Sydney mu 2000. Gift Ngoepe, amene anakulira m'kachipinda ka pa kalabu ya Randburg Mets kumene amayi ake ankagwira nchito, anasewerera Pittsburgh Pirates pa 26 April 2017, woyamba wobadwira ndi kukulira mu Africa kufika pamenepo, ndipo anamenya bwino pa ulendo wake woyamba. Kwina konse, ku Zimbabwe, Ghana, Burkina Faso ndi Tanzania, mbewu yambiri inafesedwa ndi achinyamata odzipereka a ku Japan, a bungwe la JICA, amene ngakhale kuno ku Zambia akhala akubwera kuyambira 1970 kudzathandiza pa nchito zosiyanasiyana. Iwo anabwera ndi baseball ya kwawo, ya kusukulu, yoyamba ndi kuwerama ndi kutha ndi kusesa bwalo.

Nkhani imene ili pafupi kwambiri ndi ife ndi ya Uganda. Richard Stanley, injiniya wa ku New York, anayamba kuthandiza Little League kumeneko mu 2002. Mu 2011 timu ya ana a ku Kampala inapambana mpikisano wa chigawo ku Poland, ndipo inayenera kukhala yoyamba ya mu Africa kukasewera ku Williamsport. Sinapite. Ofesi ya kazembe wa America inawakaniza ma visa chifukwa mapepala a masiku awo obadwa sankagwirizana. Ana amene anagonjetsa aliyense pabwalo anagonja pa kauntala. Chaka chotsatira timu ya ku Lugazi inakonza mapepala, inapita, ndipo inapambanako gemu imodzi, 3 kwa 2, ndi ana a ku Oregon. Mu 2013 a Stanley anatsegula sukulu kufupi ndi Kampala, ndipo dzina lake likunena zonse: Allen V.R. Stanley Secondary School of Math and Science for the Athletically Talented. Ndi sukulu ya masamu ndi sayansi ya ana aluso pa masewera. Mu 2015 ana a pasukuluyi anagonjetsa Dominican Republic 4 kwa 1 ku Williamsport. Mu January 2022 Los Angeles Dodgers inasainitsa anyamata awiri a ku Uganda, Ben Serunkuma ndi Umar Male.

Za mapepalazi tisaziseke. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu mu Zambia, 14 okha ndiwo analembetsedwa ku boma, ndipo kumidzi nambalayo inali yotsika kuposa pamenepo. Ambiri a ife chikalata choyamba chimene tili nacho ndi khadi la ku sikelo, kenako NRC tikafika zaka 16. Pakatipo msinkhu wa mwana umakhala nkhani yokambirana, ndipo tonse tikudziwa mmene umatsikira mpikisano wa under-17 ukayandikira. Vutoli si lathu tokha: mu 2001 Danny Almonte, amene anadabwitsa anthu ku Williamsport, anapezeka kuti ali ndi zaka 14 m'malo mwa 12, ndipo zonse zimene timu yake inapambana zinafufutidwa. Timu ya pasukulu imene ikuyamba ndi kulemba dzina, tsiku lobadwa ndi umboni wake yaphunzitsa kale civics imene siili m'buku.

Kodi tikunena kuti masukulu a ku Chiparamba asiye bola ndi netball n'kugula magolovesi? Ayi. Golovesi limodzi lingagule mipira ya bola ingapo, ndipo sukulu zimene zadzaza kuyambira pamene maphunziro aulere anafika mpaka giredi 12 mu January 2022 zikusowa madesiki. Ndiponso tili ndi masewera athu amene ali ndi masamu m'kati. Nsolo ndi kuwerengera patsogolo. Chiyato ndi kuchotsera ndi kuwonkhetsa, dzanja likuthamanga. Shomba ili ndi woponya, wozinda ndi botolo lodzaza mchenga, ndipo atsikana a m'makomboni akhala akuponya molunjika kwa zaka zambiri popanda wowatcha ma athlete. Mabungwe ngati Sport in Action ndi EduSport, amene anayamba mu Lusaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anasewenzetsa masewera otere pophunzitsa za HIV. Chimene sitinachite ndi chimene Chadwick anachita: kukhala pambali ndi pepala n'kupanga njira yolembera.

M'masukulu ambiri amene tinadutsamo, piriyodi ya PE ndi imene imaphedwa koyamba. Mayeso akayandikira imasanduka ya masamu owonjezera, udzu ukakula imasanduka ya chikwakwa. Aphunzitsi a masamu ndi a masewera amakhala mu staff room imodzi koma nchito zawo sizikumana. Baseball ya ana, ngakhale ya mpira wa tenisi ndi mpini wa khasu wopalidwa bwino, ili ndi mwayi umodzi umene bola ilibe pano: palibe amene amaidziwa kale. Mnyamata wamphamvu amene amalamulira bwalo la chimpombwa amayambira pamodzi ndi mtsikana wamanyazi wa pa desiki yakutsogolo. Aliyense ali ndi nthawi yake yomenya, motsatira mndandanda wolembedwa, ndipo palibe angamulande. Bwalo liyenera kuyezedwa lisanaseweredwe. Malamulo ayenera kuwerengedwa, chifukwa palibe mkulu wa m'mudzi amene angawanene pamtima. Ndipo Lolemba m'mawa mphunzitsi wa masamu amapeza pa tebulo pake manambala amene ana akufunitsitsa kugawa, chifukwa akufuna kudziwa ngati Tisa waposadi Mabvuto.

Zofunika poyamba ndi chingwe cha mamita 30, zikhomo zinayi, masaka anayi akale a feteleza oika mchenga kuti akhale ma base, kope la masamu la timabokosi, ndi pensulo. Zizindikiro zolembera ana angapange zawo m'Chinyanja, monga anachitira a ku Japan. Chimodzi chokha sichifuna kusintha. Chadwick anatenga K kumapeto kwa liwu la Chingelezi lakuti struck, ndipo ana a ku America amafunsa mpaka lero chifukwa chake si S. Kwathu kuno womenya akaphonya katatu, wakanika, kapena monga tinenera m'tauni, wakangiwa, ndipo K wake ndi womveka kale.